Utsi Umene Tidakulira M'mbali mwa Nyanja

Munthu akaima pamchenga wa ku Chintheche kapena ku Bandawe mu Epulo, mvula itangokata kumene, mapiri a ku Mozambique amawaona bwinobwino kutsidya kwa nyanja. Akabweranso pamalo omwewo mu Okutobala, mapiri aja sapezeka. Madzi ndi thambo zimangolumikizana m'chimbuuzi chotuwa, ndipo dzuwa limatuluka lofiira psuu moti mutha kuliyang'anitsitsa osaphethira. Ana timawauza kuti ndi nyengo chabe. Koma chimene chabisa mapiriwo ndi utsi wosakanikirana ndi fumbi: tchire lopsa m'mapiri a Kandoli ndi Viphya, zinyalala zotenthedwa m'minda pososa, mauvuni a njerwa, ndi moto wolusa wa kutsidya womwe mphepo imatibweretsera. Alendo akaona tizilombo ta nkhungu tikukwera pakati pa nyanja amayesa kuti bwato likupsa, ife n'kumaseka chifukwa tikudziwa kuti si utsi, ndi ndiwo. Koma utsi weniweni ukatikuta, ndife amene sitiuzindikira.

Za dera lino zalembedwa zambiri. Timawerenga za Robert Laws amene adasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear. Za Elliot Kamwana amene adabatiza anthu zikwizikwi kuno mu 1908 ndi 1909. Za Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira, amene adakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Za masiku amene Chintheche lidali likulu la boma la West Nyasa, maofesi asadasamukire ku Nkhata Bay. Koma pali mbiri ina imene sidalembedwe chifukwa palibe adaiona ngati nkhani, ndiyo ya zimene anthu a ku Kande, Chintheche, Mpamba ndi Usisya akhala akukokera m'chifuwa mwawo kuyambira nthawi ya makolo.

Tinene mosabisa kuti makolo athu utsi sankadana nawo, ndipo zifukwa adali nazo. Kuno ndi kwa udzudzu. Manda a azungu a mishoni ku Bandawe wakale akuchitira umboni, ndipo malungo ndi amodzi mwa mavuto amene adachititsa kuti likulu la mishoniyo likwere phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Eni dziko adatsala pomwepa, opanda neti, opanda kwinini. Chitetezo chawo madzulo chidali chikuni chofuka pakati pa nyumba, nthawi zina n'kuthirapo masamba aawisi kuti utsi uchuluke. Utsi womwewo unkalimbitsa udzu wa padenga kuti chiswe ndi tizilombo tisaudye msanga. Pamwamba pa mafuwa pankakhala nsanja, ndipo pansanjapo ankaikapo mbewu ya chaka chamawa, nsomba zotsala, ndi chinangwa chovuula m'madzi.

Za chinangwazi zikufunika kufotokoza, chifukwa anthu a kumtunda odya nsima ya chimanga sazidziwa. Kondowole, nsima ya chinangwa, sabwera mwachidule. Chinangwa amachisenda, kuchiviika masiku angapo kuti ululu uchoke, kenako kuchiyanika chisadasinjidwe. M'chilimwe dzuwa limagwira ntchitoyo. Koma boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene mvula imagwa kwambiri m'Malawi muno, ndipo imatha kuvumba mpaka mu Epulo ndi Meyi. Dzuwa likasowa, chinangwa chimauma ndi moto pansanja, ndipo ndi chifukwa chake kondowole wa m'dzinja amada ndi kununkha utsi. Nkhuni nazo nthawi imeneyo zimakhala zonyowa. Ndikukumbukira agogo anga aakazi atagwada m'kakhitchini kopanda zenera, tsaya lili pafupi ndi phulusa, akuuzira moto wokana kuyaka, misozi ikuyenderera, mdzukulu wakhanda ali kumsana nkhope yake itatsamira paphewa lawo. Denga lonse lidali bii ndi mwaye wolendewera. Akatuluka ankatsokomola nthawi yaitali atagwira chitseko, kenako n'kubwereramo kukavundula nsima. Palibe m'modzi wa ife adaganizapo kuti chimene chadetsa dengalo chikulowanso mwa iwo ndi mwa mwanayo.

Utsi wa makina udafika ndi sitima. Ilala yoyamba idalowa m'nyanja mu 1875, ndipo iyo ndi zinzake zotsatira, monga Chauncy Maples ya mu 1901, zinkayendera nthunzi ya moto wa nkhuni. Zinkaima m'madooko kusenza mitolo imene anthu a m'midzi adadula. Utsi wake unkauluka ndi mwera osavutitsa munthu. Chimene chidatsalira ndi chizolowezi chakuti mtengo ndi ndalama. Ilala imene tikuidziwa lero, yomwe idayamba kuyenda mu 1951 ndipo anthu a ku Usisya ndi Ruarwe amaidalirabe, ndi ya dizilo.

Koma chimene chidapweteka kwambiri zifuwa za amuna a kuno sichidali cha kuno ayi. Atonga adali m'gulu la anthu oyambirira m'dziko muno kupita kukagwira ntchito kunja. Sukulu za mishoni zidawapatsa kuwerenga ndi Chingerezi, msonkho wa atsamunda udawakankha, ndipo adayenda, ambiri pa selefu, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, kupita ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ku Copperbelt ndi ku Johannesburg. Midzi ina idatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba zokha. Ena adachona. Amene adabwerera adabwera ndi masuti, njinga, galamafoni ndi malata. Ndipo ambiri adabweranso ndi chifuwa.

Golide wa ku South Africa amapezeka m'mwala wolimba kwambiri. Akamauboola ndi kuuphulitsa, umatulutsa fumbi losalala loti maso sangalione. Fumbilo likafika m'mapapo silitulukanso. Limasiya zipsera, mapapo n'kumauma pang'onopang'ono, ndipo munthu wotero chifuwa chachikulu chimamugwira mosavuta. Matendawa, amene madokotala amawatcha silicosis, sachizika, ndipo amatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atachoka kumgodi. Ndiye bambo ankabwera wooneka wathanzi, n'kumanga nyumba ya njerwa, n'kugula ukonde. Pakutha pa zaka zingapo ukondewo sangathenso kuukoka, kukwera kachitunda kochoka kudooko mpaka apume kawiri. Pamudzi pankayamba manong'onong'o akuti achibale amulodza chifukwa cha chuma chake. Mabanja adadana, anthu osalakwa adatchulidwa ufiti, pomwe wolakwa adali fumbi la mumgodi wa kutali. Ndipo wodwalayo ankagona m'nyumba yofuka, pafupi ndi ana, TB n'kumafalikira.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo. Udadzayambiranso pansi pa dzina la TEBA mpaka 1988. Imfa za pandege zidagwedeza dziko chifukwa zidachitika tsiku limodzi. Za fumbi zidachitika m'modzim'modzi, m'midzi, ndipo palibe adaziwerenga. Mu Julaye 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano woti makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni rand zolipira odwala silicosis ndi TB, kudzera ku Tshiamiso Trust. Mgwirizanowu ukukhudza amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, pamodzi ndi amasiye awo. Agogo athu ambiri amene adapita kale chaka cha 1965 chisadafike adafa opanda kanthu. Koma banja lililonse la kuno limene lili ndi mapepala a Wenela kapena TEBA a zaka zimenezo m'sutikesi lisawataye.

Pali chinthu china chaching'ono chimene aliyense wophunzira wa msinkhu wanga achikumbukira: koloboyi. Anthu a kuno sukulu amaikonda, ndipo ana ankawerenga usiku atawerama pa kanyali ka chitini ka palafini, lawi lake lofiirira likutulutsa kamzere ka utsi wakuda. M'mawa posamba kunyanja, ukamina, mamina ankatuluka akuda. Tinkangoseka. Koloboyi adachoka osati chifukwa cha uphungu wa wina aliyense, koma chifukwa kudabwera matochi otsika mtengo ndi timagetsi ta sola, palafini n'kukwera mtengo. Asodzi a usipa nawo, amene ankayatsa nyali za palafini pa bwato la siginala usiku wonse, ambiri adasinthira ku mababu a batire. Apa pali phunziro limene okonza misonkhano ayenera kulisunga: utsi umenewu udatha pamene chinthu chabwino chidakhalanso chotsika mtengo.

Utsi wa nsomba sudathe, udachita kukula. Kale nsomba zinkawambidwa zodya pakhomo ndi zosinthanitsa ndi anthu a kumapiri. Msewu wa M5 utatseguka ndipo ukonde wa chilimira utafala, nsomba idasanduka malonda opita ku Mzuzu, Lilongwe mpaka kunja. Usipa wina amauyanika pamathandala, koma wina amaufutsa m'madzi otentha, wina amaukazinga. Batala, kampango ndi mlamba amaziwamba. Zonsezi zimafuna nkhuni. Pitani padooko lililonse m'mamawa nsomba zikaphedwa zambiri mukaone. Migolo yodula pakati yandandalikana, waya pamwamba, moto wofuka pansi, chifukwa wowamba safuna lawi koma utsi. Mayi amaima pomwepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutembenuza nsomba imodziimodzi ndi zala, maso ali psuu, chitenje atachikokera pamphuno. Madzulo mutu ukuwawa, agula panado pa okala, mawa abwereranso. Ndalama ya fizi ikuchokera pamenepo, ndipo munthu amene angapite kukamuuza mayiyu kuti utsi ndi woipa, osamuonetsa njira ina yowambira, akungotaya nthawi ya mayiyo.

Chodabwitsa m'mbiri ya Chintheche n'chakuti utsi umene udakambidwa kwambiri m'maofesi ndi umene sudafuke n'komwe. Kuyambira mu 1964 boma lidakulitsa nkhalango ya paini ya ku Viphya, imene timaitcha Chikangawa, mpaka idafika mahekitala pafupifupi 53,000. Cholinga chidali chakuti mitengoyo izidyetsa fakitale yaikulu yopanga zipangizo za mapepala, ndipo malo amene adasankhidwa adali Chintheche, pafupi ndi madzi. Akuluakulu amakumbukira chiyembekezo cha ntchito chimene chidalipo m'zaka za m'ma 1970. Fakitaleyo sidamangidwe. Ndalama zake zidali zochuluka, ndipo padalinso mantha akuti zonyansa zake zidzaononga nyanja. Ena mpaka lero amadandaula ntchito zimene zidalephereka, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Ine ndimaona kuti nyanja ndi mphuno zathu zidapulumuka, pakuti mafakitale otere amadziwika ndi fungo loipa lofika kutali. Koma paini uja adatsala m'mapiri, ndipo m'zaka zapitazi moto wakhala ukumupsereza chilimwe ndi chilimwe. Gawo lina la chimbuuzi cha mu Okutobala limachokera kumeneko.

Zatsopano zimene zidabwera ndi masiku ano ndi pulasitiki. Kale dzala la kuseri kwa nyumba linkakhala ndi makoko a chinangwa, masamba a mango ndi minga ya nsomba. Lero muli majumbo, mabotolo, matewera a ana, zidutswa za ukonde wa nayiloni ndi mabatire, ndipo madzulo wina amangoponyapo moto. Pa Mpamba, pa Kande, pa Chintheche, fungo la pulasitiki wopsa ndi gawo la madzulo a tsiku la msika. Choopsa kuposa apo n'chakuti jumbo lasanduka choyatsira moto: nkhuni zikanyowa kapena makala akavuta, mwana amatumidwa kukatola pepala la pulasitiki, n'kulidonthezera pa mbaula nkhope ili pompo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti la Supreme lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma majumbowo sadachoke m'misika. Ngakhale maukonde oletsedwa akalandidwa, timawaunjika pamchenga n'kuwatentha, ana atazungulira kuonerera utsi wakuda. Cholinga n'chabwino, koma anawo tiziwachotsapo.

Nanga uthenga wochenjeza za utsi udafika liti kuno? Udafika mochedwa, ndipo udalowera khomo la mitengo, osati la chipatala. Nkhuni zitayamba kutalikira, amayi n'kumakwera mapiri kapena kulowa mozemba m'nkhalango ngati ya Mkuwazi, mabungwe adayamba kulankhula za mbaula zosunga nkhuni. Ripple Africa, imene idayamba mu 2003 ndipo ili ku Mwaya, idafalitsa Changu Changu Moto, chitofu cha njerwa zosaotcha ndi dothi chokhala ndi pophikira pawiri, chimene mayi amamanga yekha m'khitchini mwake n'kumachimata chikang'ambika. Mabanja zikwi zambiri m'boma lino adachilandira. Kumpoto ku Usisya bungwe la Temwa lakhala likugwira ntchito ndi midzi pa zobzala mitengo ndi ulimi. Dziko lonse lidaika cholinga chofalitsa mbaula zamakono 2 miliyoni pofika 2020, ndipo Chitetezo Mbaula idadziwika paliponse. Amayi adazikonda pa chifukwa chooneka ndi maso: mtolo umodzi ukukhalitsa, ana sakugweranso pamoto. Za mapapo zinkatchulidwa pomaliza, ngati zatchulidwa n'komwe.

Apa pali choonadi chimene tiyenera kuchilandira ngakhale chili chowawa, ndipo gawo lake lina lidapezeka m'mbali mwa nyanja yomweyi. Ku Chilumba m'boma la Karonga ndi ku Chikwawa, akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a m'Malawi muno adachita kafukufuku m'midzi 150, wokhudza ana 10,750 osakwana zaka zisanu. Mabanja ena adapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi kachipupizira ka batire, zotentha nkhuni bwino kuposa za dothi; ena adapitiriza kuphika pamafuwa. Zotsatira zidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016. Ana opsa ndi moto adachepa m'mabanja a mbaula, koma chibayo sichidachepe. Mbaulazo zinkaonongeka, mabanja ankabwerera kumafuwa pophika zina, ndipo mwana akatuluka m'khitchini ankakumanabe ndi utsi wa dzala, wa oyandikana nawo ndi wa fodya. Izi sizikutanthauza kuti Changu Changu Moto n'chachabe. Chimapulumutsa mitengo, misana ya amayi ndi khungu la ana. Zikutanthauza kuti mpweya ndi wa mudzi wonse, ndipo khomo limodzi silingadziyeretsere lokha.

Bungwe la WHO lidawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, mwa iwo ana oposa 237,000 osakwana zaka zisanu. M'Malawi muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Palibe chifukwa choganizira kuti ife a kunyanja tili kunja kwa chiwerengerocho. Kamwana kopuma mwabefu, nthiti zikulowa m'kati, kamene amathamanga nako usiku kuchipatala cha Chintheche kapena kukakweza bwato ku Usisya. Agogo amene sadasutepo fodya koma chifuwa sichiwatha. Maso ofiira a amayi owamba nsomba. Zonsezi timazidziwa, kungoti sitidazilumikize ndi moto wathu.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'chakuti dera lino lidasinthapo kale maganizo pa zinthu zovuta. Neti yoteteza udzudzu idakanidwa poyamba, lero ili m'nyumba zambiri, chifukwa alangizi a zaumoyo adainena kusikelo mwezi ndi mwezi osatopa. Malamulo oteteza nsomba zazing'ono adagwira mphamvu pamene mafumu, kwa Fukamapiri, kwa Malengamzoma ndi kwina, pamodzi ndi makomiti a m'madooko, adawatenga kukhala awo. Ndiponso Atonga ndi anthu aukhondo. Onani zovala zoyera mbee za ovina malipenga, zositidwa mpaka mzere kuima. Anthu otere akangomvetsa kuti utsi ndi litsiro lolowa m'thupi, sadzafuna kuwakakamiza. Chimene chasowa ndi wowauza m'chinenero chawo, pamalo amene amakhulupirira: kusikelo, kumvano ndi ku umanyano wa amayi, pa msonkhano wa mfumu, pa wailesi. Tsiku la 7 Sepitembala, limene United Nations idapatula kuyambira 2020 kuti likhale lokumbukira mpweya wabwino, limagwa m'nyengo yomwe tchire lathu layamba kupsa, ndipo sukulu za kuno zingathe kuligwiritsa ntchito.

Zazikulu, monga magetsi ndi gasi wotsika mtengo woti mayi wa ku Kande angakwanitse, ndi mauvuni abwino owambira nsomba padooko lililonse, n'zofunika kuzifunsa kwa aphungu ndi makhansala athu mosalekeza. Koma zina sizidikira boma. Nkhuni za m'dzinja tizisonkhanitse mu Okutobala n'kuziika pansi pa denga kuti ziume. Khitchini tiiboole zenera mbali ziwiri, ndipo kukacha bwino tiphikire panja. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka ngakhale mwera uzizire bwanji mu Juni, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo. Pulasitiki asayatsire moto. Uvuni wa njerwa ndi migolo yowambira zikhale kutali ndi nyumba zogona. Ndipo inu abambo, agogo ndi achemwali amene mumakhala pakhonde kudikira nsima, pamene mayi akulowa kukasonkha moto, mulandireni mwana ali kumsanayo, akhale nanu panja mpaka moto utayaka.